Funsani Dokotala: Magazi atayika mu ubongo, bwanji sakuwapanga opaleshoni?

Adokotala, bambo anga a zaka 64 anagwa kudimba kwathu ku Linthipe, mbali yakumanja yafa, kuyankhula kukuvuta. Tinawamwetsa aspirin, amalume akuti amenyedwa hamala ndiye tinayamba kaye kwa asing'anga. Ku Lilongwe atawajambula m'mutu akuti mtsempha unaphulika koma opaleshoni ayi, angoti ali ndi pointi 1. Kodi atitaya poti ndife osauka?
Mwana wawo wamkazi, Dedza

Achemwali, sanakutayeni ayi, ndipo pointi 1 ija ndi nkhani yabwinoko kusiyana ndi mmene mukuganizira. Imeneyo timaitcha ICH score, imayambira pa 0 kufika pa 6, ikamakwera ndiye kuti zinthu zavuta. Timaona ngati wodwala akutsegula maso, kuyankha ndi kusuntha, ngati magazi afika mamililita 30, ngati alowa m'timapanga ta madzi a mu ubongo, ngati ali kumunsi cha kunkhongo, komanso ngati munthu wafika zaka 80. Pomwe anaiyesa koyamba ku America mu 2001, mwa odwala 100 aliwonse a pointi 1 omwe anamwalira mwezi usanathe anali ngati 13, pa mapointi 4 anali 97. Nambalayi imanena za gulu la odwala, siilosera za bambo anu paokha.

Za opaleshoni, kuti ufike pa magazi omwe ali mkati kwambiri umadula ubongo wabwinobwino panjira, ndiye nthawi zambiri phindu palibe, kafukufuku wamkulu wa STICH mu 2005 pa odwala oposa 1,000 anapeza kuti kuthamangira mpeni sikunapose mankhwala ndi chisamaliro chabwino. Opaleshoni imathandiza kwambiri magazi akakhala ambiri cha kunkhongo kuja kapena madzi akatsekeka m'mutu.

Hamalayo ndiye ayi, amalume andikhululukire. Hamala yanji yosasiya chotupa, yosaswa chigaza, koma nkuphulitsa kamtsempha kamkati? Nthawi zambiri imakhala BP imeneyo, imadya mitsempha mwakachetechete zaka ndi zaka munthu akulima bwinobwino osamva kanthu. Nthawi munataya kwa asing'anga ija ndi yomwe magazi amaonjezekera, ndipo aspirin amachedwetsa magazi kuundana, munthu wa sitiroko osamupatsa asanajambulidwe chonde.

Pano ntchito ili kwa inu owadikirira. Akayamba kugona kwambiri osadzuka msanga, kusanza, kukomoka kapena mutu kukula, itanani anamwino pompo, usiku omwe, chifukwa zikatero madokotala amatha kusintha ganizo la opaleshoni lija. Phala osawakakamiza ngati akutsamwa, limalowa m'mapapo nkubweretsa chibayo. Muziwatembenuza maola awiri aliwonse asachite zilonda. Akatuluka mankhwala a BP ndi a tsiku ndi tsiku moyo wonse, osati akamva mutu basi, ndipo mufunse za mafizo pachipatala cha boma ku Dedza, mkono uja umafuna kuuphunzitsanso msanga. Inunso ndi abale anu mukayezetse BP, imayenda m'banja.