Kodi ana aziphunzira za tsankho la khungu kusukulu?

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno. Mwana wanga wa Sitandade 7 chiphunzirireni za thangata akumanena kuti azungu onse ndi ouma mtima. Kodi aphunzitsi sakutokosa chilonda chomwe chidapola kale?
Mayi wodandaula, Thyolo

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, koma chilonda mukunenachi sichinapole. Mwana wanu amadutsa m'minda ya tiyi tsiku lililonse, ndipo amaona kuti munda wa kwanu ndi wa pakhonde pokha. Akapanda kuuzidwa chiyambi chake, adzaganiza kuti makolo ake adali aulesi kapena kuti munthu wakuda adalengedwa kuti azigwirira ena ntchito, ndipo bodza limenelo ndi loopsa kuposa mkwiyo wa masiku ochepa.

Ayenera kudziwa kuti m'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, lidapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo aakulu, moti anthu okhala pamenepo, kuphatikizapo Alomwe ochokera ku Mozambique, adayamba kulipira malo ndi thukuta lawo. Mawu oti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana kulima, adasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Ngakhale munthu wamkulu ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Nkhanza zoterezi ndizo zidautsa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915, ndipo kwanuko ku Thyolo anthu adaukiranso mu 1953. Thangata adatha mu 1962, ndipo alipo agogo amene adamuona ndi maso.

Pamene phunzirolo laperewera ndi pa mawu akuti "onse". Amene adabatiza Chilembwe ndi kupita naye ku America mu 1897 adali mzungu, Joseph Booth, yemwe ankadzudzula poyera kulanda malo a anthu akuda. Choipa chidali dongosolo loyeza ulemu wa munthu ndi khungu lake, lomwe gawo 20 la Malamulo a dziko lino limaletsa, ndipo mwana akamvetsa zimenezi adzazindikira kuti kunyoza mnzake wachialubino kapena wa mtundu wina ndi tsankho lomwelo.

Musamukalipire. Kambiranani ndi aphunzitsi ake kuti nkhani ya Booth aifotokozenso m'kalasi, ndipo ngati pamudzi pali agogo amene adagwira thangata, mutengereni mwanayo kumeneko madzulo ena akamve yekha.