Bambo wa pa 20 francs ya amalume

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona chithunzi cha ndalama ya ku Switzerland ija mwaipeza m'sutikesi, ndiye mukufunsa kuti bambo ali pamenepoyo anali pulezidenti wa chaka chiti. Aaa, sanali pulezidenti ayi. Anali wopeka nyimbo, dzina lake Arthur Honegger. Anabadwira ku Le Havre ku France mu 1892, zaka zake zambiri anathera ku Paris, koma makolo ake anali a ku Zürich, ndiye a ku Switzerland amati mwana ngwathu uyu.

Taitembenuzani ndalamayo, muona gudumu la sitima. Mkuluyu sitima zamalasha ankazikonda kwabasi, mpaka mu 1923 anapeka nyimbo ya zoimbira zokhazokha yotchedwa Pacific 231. Nambalayo ndi ya magudumu. Mukaima cham'mbali mwa injini yamtundu umenewo mumawerenga ang'onoang'ono awiri kutsogolo, akuluakulu atatu pakati, limodzi kumbuyo. Ikamayamba mumamva injini ikupuma, fuuu, fuuu, kenako gu... gu... gu-gu-gu, mpaka malipenga onse kubangula. Chimene chimandizunguza mutu ine n'chakuti iye mwini ankati liwiro la nyimboyo limatsika, koma chifukwa manotsi amanka nafupika, khutu limamva ngati sitima yathamanga. Ndinaimvera katatu kuti ndimugwire bodza, ndinalephera.

Koma inu a kwaya, yanu ndi Le Roi David, nkhani ya Mfumu Davide, ya 1921. Anaipeka mothamanga, pafupifupi miyezi iwiri basi, kuti ikaimbidwe m'holo yamatabwa m'mudzi wa Mézières ku Switzerland, ndipo oimba kwayawo anali anthu wamba a m'deralo. Muli Davide akuweta nkhosa, muli masalimo, muli Sauli kwa mayi wobwebweta wa ku Endori uja. Pamenepo mayiyo saimba ayi, amangoyankhula, zoimbira zikulira pansipansi, tsitsi limachita kuima. Kwa ine imeneyi imaposa ya sitima ija, ngakhale yotchuka ndi ya sitimayo. Ina yaikulu ndi ya Jeanne d'Arc, mtsikana wa ku France amene anatsogolera asilikali, akumuotcha pamoto, inayamba kuimbidwa ku Basel mu 1938.

Apa azakhali asamve, hehe. Anakwatira woimba piyano, Andrée Vaurabourg, koma anagwirizana kuti aliyense azikhala nyumba yake, poti iye popeka nyimbo sankafuna phokoso. Mkuluyu mtima unayamba kumuvuta mu 1947 ali ku America, n'kudzamwalira ku Paris mu 1955.

Eya, za ndalamayo, m'sitolo anasiya kuilandira mu 2021, koma banki yaikulu ya ku Switzerland imasinthabe. Musaipinde kwambiri, ndidzaitenga ndikabwera pa Khirisimasi. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.