Funsani Dokotala: Chiyambireni yunivesite, mutu sukundipatsa mpata

A dokotala, ndine mtsikana wa zaka 19 ndipo ndayamba yunivesite miyezi iwiri yapitayi. Kusekondale ndinkakhoza bwino, koma kuno mayeso oyambirira ndalephera. Mutu umandipweteka pafupifupi tsiku lililonse, ngati wina wandimanga lamba pamphumi. Usiku tulo sitibwera mpaka m'ma 2 koloko, ndiye masana ndimamwa khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu kuti ndisasinze m'kalasi. Panado ndiye sachoka m'chikwama. Nthawi zina mtima umangothamanga wokha. Makolo sindinawauze, iwo akungoti zonse zili bwino. Kodi ndikudwala chiyani?
Wophunzira wa chaka choyamba

Zikomo polemba, mwanawe. Ine sindinakupime, choncho sindingalumbire, koma mutu womanga ngati lambawo umafanana kwambiri ndi umene umabwera minofu ya m'khosi, m'mapewa ndi m'mutu ikakungika chifukwa cha nkhawa, kusagona ndiponso kukhala chowerama pa mabuku kwa maola ambiri. Si woopsa, koma umatopetsa.

Chimene chandigwira mtima m'kalata yako ndi mmene zinthuzi zikukokerana. Munthu wa msinkhu wako amafunika kugona maola 7 mpaka 9. Ukagona 2 koloko n'kudzuka 6, thupi likulowa m'ngongole, ndipo iwe ngongoleyo ukuibweza ndi khofi. Vuto lake n'lakuti caffeine amene ali mu khofi ndi m'zakumwa zijazi sachoka msanga m'magazi: pakatha maola pafupifupi 5, theka lake limakhala lidakalimo. Kapu ya 5 koloko madzulo ikadali pantchito 10 koloko usiku. Caffeine yemweyo amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja, ndipo munthu wankhawa akamva mtima ukugunda amayamba kuopa kuti akudwala mtima, manthawo n'kuwonjezera kugundako. Ndiye usiku tulo tichokera kuti?

Yamba ndi kusiya zakumwa zopatsa mphamvuzo, khofi umwe m'mawa mokha. Usasiye zonse tsiku limodzi, chifukwa kusiya mwadzidzidzi nakonso kumapweteketsa mutu kwa masiku angapo. Chepetsa pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Uzidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usiku wake sunagone bwino, ndi Loweruka lomwe. Nthawi yodzukayo ndi imene imawongola wotchi ya m'thupi. Foni izigona kutali ndi bedi. Za kuchezera usiku wonse ukuwerenga, ndikuuze monga munthu amene anapitamo: zimene wawerenga masana ubongo umazisunga uli m'tulo. Wochezera amalowa m'mayeso ali ndi masamba ambiri amene wawaona, koma ochepa amene wawagwira.

Tsopano za panado. Ambiri sadziwa kuti mankhwala opha ululu akamwedwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi ingapo, amayamba okha kubweretsa mutu. Yesetsa kuti asapitirire masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndipo usadumphe mlingo wolembedwa pa paketi, chifukwa wochuluka amawononga chiwindi. Pita kuchipatala cha pasukulupo akakupime magazi, popeza kuchepa kwa magazi kumathamangitsanso mtima makamaka kwa atsikana, akakupimenso maso. Ophunzira ena amatulukira vuto la maso atakhala kumbuyo kwa holo yaikulu koyamba.

Koma mutu ukabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yachilendo, kapena ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kusanza, kusokonezeka mutu kapena kuopa kuwala, usadikire kuti kuche. Matenda oumitsa khosi amafala mosavuta malo ogona anthu ambiri ngati m'mahositelo, ndipo amakula m'maola ochepa.

Kulephera mayeso oyamba sindikukuwerengera ngati matenda. Kusekondale aphunzitsi ankakulondola; kuno amaphunzitsa n'kuchoka, ndipo m'kalasimo mwadzaza anthu amene aliyense anali woyamba kwawo. Zimatenga nthawi kuphunzira kawerengedwe katsopano. Kupukwa nakonso n'kwa aliyense, ngakhale aja ooneka ngati anabadwira pompo. Malire ake ndi awa: ukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposa uli wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene unkakonda sizikukusangalatsanso, chakudya sichikulowa, ukudziona wopanda pake, pamenepo si kuzolowera malo kokha ayi. Angakhale matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Maganizo ofuna kudzivulaza kapena kudzipha akakufikira, uza munthu tsiku lomwelo, upite kuchipatala. Ndipo makolo uwauze. Kusenza katundu uku ukuseka pafoni kukudya mphamvu zimene ukanawerengera.

A dokotala, mwana wanga wamwamuna wayamba yunivesite chaka chino. Masabata oyamba ankaimba foni tsiku lililonse, pano patha masiku 10 ali zii. Ndikamuimbira amangoti ali bwino. Ndide nkhawa?
Mayi wa mwana mmodzi

Mayi, nthawi zambiri mwana akachepetsa kuimba ndiye kuti wapeza anzake ndipo malo ayamba kumulandira. Gwirizanani naye tsiku limodzi pa sabata loti muzicheza, ndipo pocheza musamayambe ndi kufunsa za magiredi. Funso loti "uli bwino?" yankho lake limadziwika kale. Mufunseni kuti wagona nthawi yanji dzulo, amadya ndi ndani, ndi phunziro liti limene likumuzunguza. Anyamata ambiri satchula mawu akuti nkhawa. Amangoyamba kupsa mtima, kujomba makalasi, kumwa mowa kapena kutchova juga pafoni, kenako n'kumapempha ndalama pafupipafupi popanda kulongosola. Mukaona zoterezi, kapena mawu ake akumveka ozizira mlungu ndi mlungu, mukamuone maso ndi maso ngati n'kotheka, mupite naye kwa mlangizi wa ophunzira pasukulupo. Poti ndi wamkulu tsopano, mlangiziyo sadzakuuzani zonse zimene akambirana, ndipo mwanayo mumutsimikizire zimenezi musanapite.