Jordan si dzina la anyamata okha

Mayi, dzina la Jordan limene mukufuna kupatsa mwana wanu wamkaziyo ndi lomwe ndinapatsa wanga, ndipo nditawerenga mayankho a anthu amene akukuuzani kuti ndi lachimuna, mtima wandiwawa ngati kuti zimene zinatichitikira zachitika dzulo.

Mwana wanga atasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndinamuperekeza ndekha tsiku lotsegulira sukulu. Mayina a ophunzira atsopano anali atamatidwa pakhoma la ofesi, atsikana mbali ina, anyamata mbali ina. Ndinayendetsa chala pa mndandanda wa atsikana kawiri konse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma dzina lake silinaoneke. Amene analipeza pa mndandanda wa anyamata ndi mnyamata wina, ndipo anafuula makolo ndi ana onse akumva kuti Jordan agona kwa anyamata. Anthu anaseka kwambiri. Mwana wanga, amene anali ndi zaka 13 zokha, anakhala pa matiresi ake opindidwa n'kuphimba nkhope ndi juzi, mapewa akunjenjemera, ine nditangoima ndi chidebe m'manja osadziwa kuti ndiyambe kumutonthoza kapena kulowa mu ofesi.

Nditalowa, bambo amene analemba mndandandawo sanapepese n'komwe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndinasowa mayina achikazi kuti mpaka ndipatse mtsikana dzina la wosewera basketball. Fomu imene ndinadzaza inali pa tebulo pake pomwepo, ndipo pamalo ofunsa ngati mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi ndinali nditachonga momveka bwino, kungoti iwo sanafune kutopa n'kuwerenga. Popeza mabedi onse a atsikana anali atagawidwa kale, mwana wanga anagona pansi masabata awiri, ndipo anzake anamutchula kuti achimwene teremu yonse. Bambo amene uja sindinamukhululukire mpaka lero, makamaka chifukwa ana ambiri a pa mndandanda womwewo anali a Chisomo, Mphatso ndi Chikondi, mayina amene tonse timapatsa mwana aliyense, ndipo pa iwowo anayang'ana fomu asanalembe.

Chimene bamboyo sankadziwa n'chakuti dzinali ndi lakale kwambiri kuposa Michael Jordan, wosewera basketball wa ku America uja, amene kwa iye Jordan ndi dzina la bambo ake chabe. Limachokera ku mtsinje wa Yordano, umene m'Chiheberi umatchedwa Yarden, kuchokera ku mawu otanthauza kutsika, chifukwa madzi ake amachokera m'munsi mwa phiri la Hermoni, kudutsa m'nyanja ya Galileya, n'kutsetsereka mpaka ku Nyanja Yakufa, imene ili mamita oposa 400 pansi pa mulingo wa nyanja zikuluzikulu. Ndi mtsinje umene Namani anasambamo kasanu ndi kawiri n'kuchira khate, ndiponso m'mene Yohane anabatizamo Yesu. Kuyambira pa nkhondo za Akhristu a ku Ulaya zolimbirana Yerusalemu, zimene zinayamba mu 1096, anthu obwerera kwawo ankatenga madzi a mumtsinjewu kukabatizira ana awo, ndipo ana obatizidwa choncho ankapatsidwa dzina la Jordan, kaya ndi amuna kapena akazi. Ine ndinalisankha chifukwa cha ubatizowo, ndipo mpira sunali m'maganizo mwanga.

N'zoona kuti kutchuka kwa dzinali masiku ano kunakula ndi Michael Jordan. Analowa timu ya Chicago Bulls mu 1984, nsapato za Air Jordan zinayamba kugulitsidwa mu 1985, ndipo timu yake inatenga chikho kasanu ndi kamodzi pakati pa 1991 ndi 1998. Koma ngakhale m'zaka za m'ma 1990 zomwezo, ku America dzinali linali pakati pa mayina 100 otchuka kwambiri kwa anyamata komanso kwa atsikana, choncho amene akuti makolo a atsikana akubera anyamata dzina sakudziwa mbiri yake.

Ndiye inu mayi, musamvere munthu, mupatseni mwanayo dzina limene mtima wanu wakonda, chifukwa wolakwa ndi mlembi waulesi osati kholo. Komabe, ndikanakhala kuti ndikuyambiranso, ndikanayika dzina lina lomveka lachikazi patsogolo, Jordan n'kukhala lachiwiri, kuti pa ziphaso ndi pa mindandanda pasakhale wopeza chifukwa. Mukakalandira chiphaso chake chobadwira, muwerenge malo onse musanatuluke mu ofesi, ndipo muchite chimodzimodzi pa pasipoti ndi pa mafomu a mayeso. Mwana wanga tsopano ndi wamkulu ndipo amakana kumva zosintha dzinalo, koma akamalemba kalata yofunsira ntchito amayamba ndi Miss asanalembe Jordan, ndipo anayamba kuchita zimenezi kuchokera tsiku la pakhoma lija.