Bambo akunyumba anandisiya pamwala

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala pa Kasungu boma. Chaka chatha kuchipatala anawauza bambo akunyumba kuti BP yakwera, aziyendayenda. Analowa gulu lokwera phiri la Kasungu Loweruka lililonse m'mamawa. Ndinawatsatira kamodzi, nditavala mapatapata. Tisanafike n'pakati pomwe mawondo anayamba kunjenjemera, iwo n'kungoti "tikupezani potsika", n'kundisiya pamwala ndi kabotolo ka madzi. Pano amapita okha, ndipo pa WhatsApp ndimaona zithunzi ali pakati pa atsikana ovala zothina. Mwezi wamawa akuti apita ku Mulanje masiku atatu. Ndiwaletse, kapena ndizingodzikoka n'kumapita nawo?

Wodandaula, Kasungu

Mwanawe,

Musawaletse. Mwamuna amene wamvera adokotala ndi wosowa, ambiri amadikira sitiroko iwagwetse kaye. Musadzikokerenso ku Mulanje chifukwa cha nsanje. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, anthu amagona m'tinyumba ta m'phirimo usiku kuli chisanu chobaya m'mafupa. Munthu amene kaphiri ka kwanu kanamufooketsa akakhala mtolo wa gulu lonse, ndipo mukabwerako musakulankhulana.

Ine malemu amuna anga ankakonda bawo. Sindinakhalepo pansi pa mtengo wa mango kuonerera njombwa zikuyenda, koma ndinkadziwa kumene ali, amene ali nawo, ndi nthawi yobwera. Inunso funsani zomwezo. Gululo mulidziwe maina, ndipo tsiku lina potsika adzamwere thobwa pakhomo panu. Atsikana a pazithunziwo akakupatsani moni wogwada n'kudya mbatata yanu, mtima umakhala m'malo. Bambo akakana zimenezi mwaukali, mundilemberenso, pamenepo nkhani yasintha.

Za pamwala paja zokha sindiwakhululukira msanga. Munthu amene wabwera ndi mnzake amayenda liwiro la mnzakeyo, akatopa atsika naye. Auzeni zimenezi ana atagona, mosakweza mawu, komanso osayambira pa zithunzi, chifukwa mukatero mukangana za atsikana mpaka tambala woyamba ndipo za pamwala ziiwalika.

Kenako pemphani Loweruka limodzi pamwezi likhale lanu awiri. Gulani nsapato zotseka pa kaunjika, nyamukani dzuwa lisanatuluke, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala, mukwere mpaka pamene mpweya wanu wathera. Ngati phiri silikulowani, muli ndi nkhalango ya Kasungu pakhomo pomwe. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo pa damu la Lifupa mvuu mumazionera mutakhala pansi.

Funso limodzi simunalitchule: iwo akakhala kuphiri, ana ndi zochapa akutsala nazo ndani? Ngati ndi inu sabata ndi sabata, Lamulungu masana muziwasiyira ana, inu mukamenye netibo kapena kukayimba kwaya ndi anzanu. Akabwera ku Mulanje, masokosi onunkhawo achape okha.

Azakhali