Akufuna magazi anga a kafukufuku wa DNA, ndipereke?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mulanje amene amagwira ntchito ya m'nyumba kuno ku Joni. Dzina sinditchula, monga anapempha. Analemba kuti: "Ku kiliniki komwe ndimatenga mankhwala a BP kunabwera anthu a kafukufuku. Akuti akufuna magazi pang'ono ndi malovu kuti aone DNA. Ndinawauza kuti ndikaganize kaye. Kodi magaziwa amapita nawo kuti? Komanso mapepala anga sali bwino, sakandipereka ku Home Affairs?"

Achemwali, munachita bwino kuwauza kuti mukaganize kaye, ndipo mantha anuwo sindikuwaseka. Munthu amene anaona za 2017, mphekesera ya anamapopa itavuta ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka anthu osalakwa kuphedwa, sangamve mawu akuti "tikufuna magazi" mtima n'kukhala m'malo. Chinanso, ena pomasulira mawu a Chingerezi akuti "genes" amalemba kuti "majini", pamene kwathu majini tonse tikudziwa kuti ndi chiyani. Ine ndizingoti DNA.

DNA ndi malangizo amene munatengera kwa mayi ndi bambo anu, olembedwa m'maselo a thupi ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mwa munthu mmodzi muli zilembo pafupifupi 3 biliyoni. Magazi amene amatenga ndi a m'kabotolo kochepa ngati chala, sangathiridwe mwa munthu wina, sangagulitsidwe ngati magazi a odwala. Ku labu amachotsamo DNA, makina n'kuwerenga zilembozo, zotsatira n'kulowa mu kompyuta. Ng'ombe, chambo, ngakhale kachilombo ka chifuwa chachikulu, zonse zimawerengedwa chimodzimodzi.

Ntchito imeneyi inafika kale pakhomo pathu, kungoti sitinaitchule dzina. Mu February 2022 boma la Malawi linalengeza kuti mwana wa zaka zitatu ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, matenda amene tinkati anatha. Zoyeza za mwanayo zinabwera konkuno, ku NICD, labu ya boma yofufuza matenda opatsirana ya ku Sandringham, ndipo atawerenga zilembo za kachilomboko anapeza kuti n'kachibale ndi kamene kankazungulira ku Sindh, ku Pakistan. Choncho anadziwa kuti sikanali kobisala m'mudzi zaka zonsezi, kanachita kubwera, ndipo katemera wa khomo ndi khomo anayambika kwathu ndi m'mayiko oyandikana nafe.

Amene munali kuno mu 2018 mukukumbukira za poloni. Anthu oposa 1,000 anadwala listeriosis, matenda obwera ndi chakudya chokhala ndi bakiteriya, oposa 200 anamwalira, ambiri a iwo makanda. Kwa miyezi anthu ankangoloza uku ndi uku. Chinadula mlandu ndi DNA ya bakiteriya: wa mwa odwala ambiri anali mtundu umodzi wotchedwa ST6, ndipo yemweyo anapezeka mu fakitale ina yopanga poloni ku Polokwane. Nduna ya zaumoyo, Aaron Motsoaledi, inalengeza pa 4 March. M'mawa mwake ndinaima pa spaza ya pafupi ndi kwathu, mwini wake akutulutsa mapoloni mu firiji n'kumaponya m'thumba lakuda, mnyamata wogulitsa kota ali chilili ndi buledi wobooleza kale m'manja, osadziwa choikamo. Sabata imeneyo tinadya kota ya tchipisi ndi atchara basi.

Koma kuti ndinene kuti nkhanizi zimatha bwino nthawi zonse ndiye ndanama. Mu November 2021 asayansi a ku Botswana ndi a kuno anaona mtundu watsopano wa kachilombo ka Covid, uja anautcha Omicron, ndipo anauza dziko lonse mwachangu. Malipiro ake? Britain ndi America anatseka zitseko kwa mayiko a kuno kumwera, Malawi ali momwemo. Ndiye munthu akafunsa kuti "tikapereka, wopindula ndani?" akufunsa zanzeru.

Tsopano za anthu, pamene pagona funso lanu. Kafukufuku wambiri wa DNA ya anthu wachitika pa azungu, pamene kusiyanasiyana kwa DNA n'kochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse, chifukwa anthu anayambira kuno. Gulu la ofufuza la H3Africa, mmene muli asayansi a ku yunivesite ya Wits ngati Michèle Ramsay, linawerenga DNA ya anthu 426 okha a mu Africa, ndipo mu 2020 linalengeza kuti lapeza kusiyana kwa zilembo koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo. Anthu ochepa chonchi, osadzaza n'komwe tchalitchi chachikulu!

Mwina mungati zimenezo n'za ophunzira. Ayi, zimafika m'thupi. Mukukumbukira ma ARV aja kwathu tinkawatcha 5A? Munali mankhwala otchedwa efavirenz, ndipo anthu ambiri ankadandaula chizungulire ndi maloto oopsa usiku. Ena ankanenedwa kuti akuwonjeza, ena ankasiya mwakachetechete. Chifukwa chimodzi chinali m'chiwindi: pali kusiyana kwa DNA pa malo otchedwa CYP2B6 kumene kumapangitsa thupi kuchedwa kuchotsa mankhwalawo, ndiye amachuluka m'magazi. Kusiyana kumeneku n'kofala mwa anthu a kuno kuposa mwa azungu. Mlingo unayezedwa pa matupi ena, akumwa ndi ena. Nawonso mankhwala a BP sagwira mofanana mwa anthu onse, n'chifukwa chake sindikudabwa kuti ofufuzawo anakupezani pa mzere wa BP.

Za Home Affairs. Kafukufuku wa zaumoyo kuno sayamba popanda chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinsinsi zotetezedwa mwapadera. Kawirikawiri pa kabotolo amalembapo nambala, osati dzina. Nkhokwe ya DNA ya apolisi ndi ina, ili ndi lamulo lakelake. Komabe musadalire mawu anga kapena kumwetulira kwa amene wanyamula fomu. Mufunseni kuti dzina lanu ndi nambala ya foni adzaziona ndani. Mufunse ngati magaziwo adzatuluke m'dziko muno, adzasungidwa zaka zingati, ndiponso ngati kampani ingadzagwiritse ntchito zotsatirazo pochita malonda. Mufunsenso kuti mukadzasintha maganizo muimbire ndani. Pa fomu yeniyeni pamakhala dzina la komiti ija ndi nambala yake. Mukapanda kuziona, bwezani cholembera. Ngati Chingerezi chake n'cholimba, pemphani kope mupite nalo kunyumba wina akakuwerengereni. Ndipo kukana sikukuchotserani mankhwala anu a BP, amene angakuopsezeni choncho walakwa ndi iyeyo.

Kumbukiraninso kuti DNA si yanu nokha. Theka lake lili mwa ana anu, ndipo abale a bere limodzi mumagawana yambiri. Mukafunse ngati adzakuuzani akadzapeza chinthu chokhudza umoyo wa banja, chifukwa makafukufuku ambiri sabweza zotsatira za munthu payekha.

Phindu lanu lero? Laling'ono. Mwina ya thiransipoti ndi kuyezedwa shuga, basi. Chithandizo chokonza DNA ya odwala sickle cell (matenda a magazi otengera kwa makolo), chotchedwa Casgevy, chinavomerezedwa kumapeto kwa 2023, koma mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, pamene ana ambiri obadwa ndi matendawa ali mu Africa. Zimenezi zimandiwawa. Ngakhale zili choncho, akanandifunsa ine, n'kundiyankha mafunso onsewo mosazemba, ndikanapinda malaya n'kupereka mkono, chifukwa cha anthu aja a 5A amene ankagona ndi maloto oopsa osadziwa chifukwa chake.

Mukapitanso pa tsiku lanu la mankhwala, jambulani fomuyo masamba onse, mubise dzina lanu ndi chala, munditumizire pa imelo yomweyi tiwerengere limodzi.