Mayi, musasiye kulankhula naye Chinyanja

Mayi, mwafunsa ngati nkoyenera kusiya Chinyanja pakhomo kuti mwana wanu wa zaka zinayi agwire msanga Chingelezi, popeza ena akukuuzani kuti zilankhulo ziwiri zimusokoneza mutu. Ine ndaphunzitsa giredi 1 ndi 2 kwa zaka zambiri kuno ku Lusaka, ndipo ndikukupemphani kuti musatero.

Luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi kokha. Chinyanja chili ndi mavawelo asanu ndipo chimalembedwa monga momwe chimatchulidwira, motero mwana akangodziwa ma, me, mi, mo, mu, amatha kuwerenga yekha mawu oti "mame" ndi kumvetsa kuti akunena za madzi a pa udzu m'mamawa. Chingelezi sichitero, chifukwa chilembo a chimamveka mosiyana m'mawu oti cat, cake ndi call. Mwana amene wazindikira kale kuti zilembo zimaimira maliwu amapita nayo nzeru imeneyi ku Chingelezi, pamene mnzake akulimbana ndi mitolo iwiri nthawi imodzi, chilankhulo chachilendo ndi kuwerenga komwe.

Dziko lathu la Zambia layesapo njira zonse ziwiri. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingelezi kuyambira giredi 1, ndipo tinaona ana akuloweza ziganizo zimene sankazimvetsa. Kuyambira 2014, makalasi oyambirira anayamba kuphunzira m'zilankhulo za m'madera, ndipo kuno chinali Chinyanja. Sindibisa kuti panali vuto, chifukwa mabuku analembedwa m'Chichewa chozama cha kum'mawa, chosiyana ndi cha ana a m'makomboni a kuno ku Lusaka monga Matero kapena Chawama, komabe ana ankafunsa mafunso ndi kuyankha mopanda mantha.

Za kusakaniza mawu zisakudetseni nkhawa. Ife akuluakulu timasakaniza tsiku lililonse m'minibasi ndi pa Soweto Market, ndipo mwana akamakula amadziwa yekha kuti uyu ndilankhula naye chiti.

Chingelezi achipeza kusukulu, pa TV ndi m'mabuku, koma Chinyanja chabwino achimva kwa inu. Muzimusimbira nthano madzulo, muzimuponyera zilapi, ndipo akanena mawu m'chilankhulo chimodzi muzimuuza a chinzake osamukalipira. Mukadzapita naye ku Katete pa tchuthi, musadzakhale womasulira pakati pa iye ndi agogo ake. Mudzawasiye awiriwo acheze okha pakhonde.